Ndege za Wenela ndi Njira Yaitali ya ku Joni

M'zaka za m'ma 1960, mukanafika m'mudzi wina ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba n'kufunsa kuti pano ndani anakwerapo ndege, mphunzitsi wamkulu sakanakweza mkono. Kalaliki wa kwa DC nayenso akanangoyang'ana kumbali. Wodzuka akanakhala bambo wina wovala jasi lalitali dzuwa likuswa mtengo, munthu amene posaina pepala ankachita kudinda chala. Ameneyo ndiye ankadziwa mmene makutu amatsekekera ndege ikamakwera, ndiponso mmene mtsinje wa Zambezi umaonekera ukakhala pamwamba pake. Anthu ophunzira ankangomva za ndege pa wailesi, pamene anthu wamba masauzande ambirimbiri ankauluka chaka ndi chaka kupita kumigodi ya golide ya ku South Africa. Anawakweza ndani, ndipo chifukwa chiyani? Yankho lake likuyambira kutali, ndege ndi njanji zisanafike kuno.

Chimene chinayamba kutulutsa amuna m'midzi ndi msonkho. Boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1901 linaukweza kufika pa mashiling'i 6, n'kunena kuti amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu azipereka theka lokha. Cholinga chinali chokankhira anthu kuminda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Koma malipiro a kumeneko anali a mchere basi, ndipo thangata linali litawafika anthu m'khosi. Mbiri inamveka yoti ku Southern Rhodesia amalipira bwinoko, ndipo ku Joni amalipira koposa. Amuna anamanga katundu n'kuuyatsa ulendo wapansi.

Ankayenda m'magulu, chifukwa kuyenda wekha kunali kudzipereka kwa mikango. Wina ankanyamula thumba la ufa, wina mphika, wina nkhwangwa. Ochokera m'chigawo chapakati ndi chakummwera ankalowa m'dziko la Apwitikizi n'kukawoloka Zambezi pa bwato cha ku Tete, ena ankadzera ku Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Ufa ukatha ankaima n'kugwira ganyu kuti apeze chakudya cha masiku otsatira. Ulendo wokafika ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, unkatenga milungu ingapo, ndipo wa ku Joni unkatha miyezi, mwinanso zaka, popeza munthu ankayamba wagwira ntchito pafamu ina, kenako pamgodi wina, akusendera pang'onopang'ono kumtsinje wa Limpopo.

Anthu awiri odziwika bwino m'mbiri anadzera njira yomweyi. A Clements Kadalie a ku Nkhata Bay anachoka kwawo mu 1915, nadutsa ku Mozambique ndi ku Rhodesia, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, limene linagwedeza dziko la South Africa. A Hastings Kamuzu Banda nawonso ananyamuka ku Kasungu wapansi cha m'nthawi yomweyo, nakagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, kenako pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, asanapite ku America mu 1925. Dzina lachiwirili mulisunge, libweranso kutsogoloku.

Eni migodi ya golide anali ndi bungwe lawo lolemba anthu ntchito kunja kwa South Africa, la Witwatersrand Native Labour Association, limene aliyense ankangolitchula kuti Wenela. Linayamba kulemba anthu ku Nyasaland mu 1903. Zotsatira zake zinali zoopsa. Anthu ochokera kumaiko otentha akafika kumtunda kozizira kwa Johannesburg, n'kumatuluka pansi pa mgodi ali thukuta kamukamu kulowa m'mphepo ya mwezi wa June, ankagwidwa ndi chibayo n'kumafa ambirimbiri. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ndipo Nyasaland inali m'gulu limenelo. Lamulo linatseka khomo la Wenela, koma silinatseke njira za m'tchire. Aselefu, anthu odzipitira okha opanda kontirakiti, anapitirizabe kuwoloka Limpopo usiku, ena n'kusintha maina ndi kwawo kumene kuti alembedwe.

Pamene izi zinkachitika, njanji inali ikubwera chidutswachidutswa. Ya pakati pa Port Herald, kumene ndi ku Nsanje, ndi Blantyre inatha mu 1908. Kenako anaitalikitsa kukafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza tsidya lina la mtsinjewo ndi doko la Beira. Pakati pake panatsala madzi. Apaulendo ankatsika sitima ku Chindio, kukwera sitima ya pamadzi, n'kukakweranso ina ku Murraça. M'chilimwe madzi akaphwa chombo chinkatitimira mumchenga, m'dzinja mtsinje ukasefukira njanji inkamira. Vutoli linatha mu 1935 pamene anatsegula mlatho wa Dona Ana, pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, umene panthawiyo unali m'gulu la milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima.

Munthu wokhala ndi tikiti tsopano ankatha kukwera ku Limbe n'kukafika ku Johannesburg osaponda tchire. Koma njira yake inali yozungulira modabwitsa. Sitima inkatsika mapiri kudzera ku Luchenza, kuwoloka Shire pa Chiromo, kudutsa Port Herald n'kulowa ku Mozambique. Pa Dona Ana inkayenda pang'onopang'ono, kwa mphindi zingapo kunja kwa zenera kuli madzi okhaokha ndi zitsulo zikudutsa. Kuchoka apo inkalowera kummwera mpaka ku Dondo, pafupi ndi Beira, kumene wapaulendo ankasintha n'kukwera yopita kumadzulo: Umtali, Salisbury, Bulawayo. Ku Bulawayo sinkalunjika ku Limpopo ayi, chifukwa njanji yolumikiza Rhodesia ndi Beitbridge inadzamangidwa mu 1974. Inkakhotera ku Bechuanaland, imene lero ndi Botswana, kudutsa Francistown mpaka ku Mafeking, kenako n'kubwerera kummawa kukalowa mu Johannesburg. Maiko asanu, masiku angapo, ndi chitupa chofunsidwa pamalire alionse.

Anthu akuda ankakwera m'mabogi a kalasi yotsikitsitsa, a mabenchi amatabwa. Injini inali ya malasha. Ukatsegula zenera, utsi ndi tizidutswa ta malasha tinkakulowa m'maso, ukatseka, kutentha kwa kuchigwa cha Shire ndi Zambezi kunkakuphika. Ogona ankagona chokhala, mutu uli pa katundu kuopa akuba. Chakudya chinali chimene munthu wanyamula, mbatata yootcha, chimanga chokazinga, nzimbe, ndi chimene angagule pazenera sitima ikaima. Komabe poyerekeza ndi miyezi ya m'tchire, umenewu unali ulendo wachifumu.

Pali chinthu china chowawa pa njanji imeneyi. Ngongole zomangira mzere wa Trans-Zambezia ndi mlatho uja zinagwera boma la Nyasaland, dziko limene linali losauka kale. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba motsindika kuti ngongole zimenezi zinadya ndalama zimene zikanatukula ulimi, sukulu ndi zipatala. Ngati ananena zoona, ndiye kuti njanji yomwe inkanyamula amuna kupita kunja inathandizanso kukulitsa umphawi umene unkawathamangitsa.

Mu 1935 momwemo, komiti imene boma linakhazikitsa motsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko, kuposa gawo limodzi mwa magawo anai a amuna onse akuluakulu. Ena mwa iwo anali matchona, osalemba kalata, osatumiza ndalama. Kumudzi kunatsala amayi akulima okha, kufolera nyumba okha, n'kumasakidwanso msonkho wa mwamuna amene sakudziwa ngati ali moyo. Boma linaona kuti kuletsa anthu kupita n'kosatheka, ndiye kunali bwino azipita mwadongosolo, pa kontirakiti yowakakamiza kubwerera, gawo la malipiro awo n'kumalandirira kuno kumudzi. Nthawi yomweyo katemera ndi mankhwala atsopano zinali zitachepetsa imfa za chibayo, chiletso cha 1913 chinachotsedwa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Wenela inabwerera.

Inapeza mpikisano uli wa wafawafa. Alimi a fodya ndi eni migodi a ku Southern Rhodesia ankawafunanso anthu omwewa. Boma la kumeneko linayambitsa malole a Ulere, onyamula anthu osalipiritsa kuchokera kumalire, ndipo pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunabwera Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za m'mafamu. Munthu aliyense wodutsa m'Rhodesia pa lole kapena pa sitima ankatha kukopedwa m'njira, kapena kutsika pasiteshoni ina osakweranso. Apa m'pamene pali chinsinsi cha ndege. Mu 1952 Wenela inayambitsa ndege zakezake, likulu lake lili ku Francistown. Sinachite zimenezi pomvera chisoni mapazi a anthu. Munthu akakwera pa Chileka kapena pabwalo lakale la ku Lilongwe, panalibenso potsikira, panalibe mlimi wa ku Rhodesia womunyengerera, ndipo masiku amene akanathera m'njira ankathera pansi pa mgodi. Ndege inafupikitsa ulendo, koma inatsekanso mipata yonse imene munthu wapansi anali nayo yosinthira maganizo.

Ulendo unkayambira ku depoti ya Wenela ya m'boma la kwanu. Kumeneko mnyamata ankavula zovala zonse n'kuima pamzere ndi anzake. Ankamuyeza pa sikelo ngati thumba la mtedza pamsika, dokotala n'kumumvetsera m'chifuwa, kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Wopepuka kwambiri kapena wotsokomola ankabwezedwa, ndipo kubwerera kumudzi utatsanzika kale chinali chinthu chamanyazi. Wopambana ankadinda chala pa kontirakiti imene nthawi zambiri sankatha kuiwerenga, n'kukwera lole kapena basi ya Wenela kupita ku depoti yaikulu kukadikira tsiku la ndege. Dera la mu Blantyre limene mpaka lero limatchedwa Wenela, pamene pali depoti ya mabasi, linatenga dzina kwa bungwe lomweli.

Ndege zake zinali za mtundu wa Dakota, ya injini ziwiri, ndi Skymaster kapena kuti DC-4, ya injini zinai. Zonsezi zinali ndege za mapulopela za nthawi ya nkhondo, zosatha kukwera pamwamba kwambiri chifukwa m'kati mwake munalibe makina osunga mpweya ngati ndege za lero. Choncho zinkadutsa m'kati mwenimweni mwa mitambo ndi mphepo yotentha yochokera pansi, zikudzuka ndi kugwa. Taganizirani munthu amene galimoto yomwe waikwera kawiri kapena katatu pamoyo wake wonse, wamangidwa lamba pampando, phokoso la injini likugonthetsa m'kutu, ndege n'kutsika mwadzidzidzi m'mimba n'kumva kuti zii. Ena ankasanza, ena ankapemphera, ena ankangotseka maso mpaka kukatera. Amene anali paulendo wachiwiri ndiwo ankaseka anzawo n'kumawalozera Zambezi pazenera. Mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kukafika ku Francistown, umene agogo awo ankauyenda miyezi, unkatha m'maola atatu kapena anai.

Ku Francistown kunali kusonkhana mitundu. Ndege zina zinkabwera ndi anthu a ku Barotseland, a ku Angola ndi a kumpoto kwa South West Africa, kudzera ku Katima Mulilo ndi ku Shakawe. Onse ankagona m'misasa ya Wenela, kenako n'kukwezedwa sitima ya ku Mafeking. Mapeto a njanji anali depoti yaikulu ya ku Johannesburg imene anthu ankaitchula kuti Mzilikazi. Kumeneko ankavulanso, kujambulidwa m'chifuwa, kudindanso zala, n'kugawidwa kumigodi. Asanatsike pansi penipeni, ambiri ankayamba alowetsedwa m'chipinda chotentha ndi chachinyontho, kukwera ndi kutsika pa sitepe kwa maola angapo kuti aone ngati thupi lipirire kutentha kwa pansi. Ankaphunzitsidwanso Chifanakalo, chilankhulo cholamulirana pamgodi, ndipo malo ogona anali bedi la simenti m'komponi ya amuna okhaokha.

Pakatha pafupifupi zaka ziwiri, ulendo unkabwerera momwe unadzera. Thiranki yachitsulo yopakidwa utoto inkadzaza ndi mabulangete, nsalu za mayi, suti, chipewa, nsapato, mwina galamafoni kapena wailesi. Ndalama zosungidwa zija munthu ankakazilandira ku ofesi ya Wenela kuno, ndipo n'zimene zinkagula njinga, makina osokera, malata, ng'ombe, ngakhale kulipirira ana sukulu. Magolosale ambiri a m'midzi ndi maukonde ambiri a kunyanja anayamba ndi ndalama za ku Joni. N'chifukwa chake nkhaniyi siyenera kukambidwa ngati ya anthu ongogwidwa. Ankadziwa kuti pansi pamagwa miyala, ankaona anzawo akubwera opanda zala, koma ankaonanso kuti kumudzi kulibe kwina kopezera ndalama yotere, ndipo ankabwerera ku depoti mwa kufuna kwawo.

Maiko atayamba kulandira ufulu, Tanzania ndi Zambia analetsa Wenela, ponena kuti sangadyetse chuma cha boma la tsankho. Malawi anachita zosiyana. A Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 July 1958 pobwera kudzatsogolera ndale, anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, ndipo mu August 1971 anakachezako monga mtsogoleri wa dziko, nalankhula ndi Amalawi ogwira ntchito m'migodi, iwo eni atagwirapo pamgodi ali mnyamata. Chiwerengero chinakwera kwambiri. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, kuposa gawo limodzi mwa magawo anai a anthu akuda onse ogwira ntchito kumeneko. Ndalama zawo zosungidwa zinali gwero lalikulu la ndalama zakunja ku boma la Malawi.

Pa 4 April 1974, ndege ya DC-4 ya Wenela inanyamuka pa Francistown kulowera ku Malawi, itanyamula anthu 84. Ambiri anali amuna amene anamaliza kontirakiti, akupita kwawo. Itangodzuka, injini zinayamba kutentha ndi kutaya mphamvu. Woyendetsa anayesa kubwerera, koma ndegeyo inagwa patangotsala makilomita ochepa kuti ifike pabwalo, n'kuyaka. Anthu 78 anafa, ndipo pafupifupi onse anali Amalawi. Chimene chinapezeka n'chakuti mafuta anali osakanizika: m'mafuta a ndege za mapulopela munalowa mafuta a ndege za jeti, amene ali ngati palafini ndipo injini zoterezi sizingayendere. Anthu amene anapulumuka miyala ndi fumbi la pansi kwa zaka ziwiri anaphedwa ndi kusasamala kwa pa thanki ya mafuta.

A Banda analamula nthawi yomweyo kuti Wenela isiye kulemba anthu, ndipo amene anali kumigodi azibwerera makontirakiti awo akamatha. Pofika mu 1976 kunali kutatsala Amalawi mazana ochepa chabe. Ngoziyo inalidi yokwiyitsa, koma akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti panalinso chifukwa china. M'zaka zimenezo maesiteti a fodya anali kukula msanga ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena, ambiri a iwo ali m'manja mwa akuluakulu a boma ndi a chipani, ndipo ankasowa antchito. Amuna obwera ku Joni anapeza ntchito ikuwadikira, ya malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anasiya. Ku South Africa nako eni migodi anadzidzimuka. Kutaya anthu ochuluka chonchi nthawi imodzi, pomwenso ulamuliro wa Apwitikizi unkagwa ku Mozambique, kunawaphunzitsa kuti kudalira maiko akunja n'koopsa. Mtengo wa golide unali utakwera, choncho anakweza malipiro kuti akope anthu a m'dziko lawo lomwelo ndi a ku Lesotho. Zinangochitika kuti malipiro a pamgodi anayamba kukoma Amalawi atachokako.

Mu 1977 boma linalolanso kulemba anthu. Bungwe lija linali litasintha dzina kukhala TEBA, kapena Theba m'kamwa mwa anthu, koma chiwerengero sichinafikenso ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo asanu a chakale. Malo anali ochepa, ofuna anali ambiri, ndipo amuna ankagona pa depoti milungu kudikira kuti mwina dzina lawo litchulidwa. Mapeto anadza mu 1988, pamene South Africa inafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe. Boma la Malawi linakana, ndipo amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa m'zaka zotsatira. Katswiri wa ku Chancellor College, Wiseman Chijere Chirwa, analemba mwatsatanetsatane za mkanganowu ndi za umphawi umene unagwera amuna obwererawo, ndipo anaonetsa kuti nkhani ya matenda inabisa chinthu china: migodi inali itasiya kale kufuna anthu akutali obwera ndi kupita.

Njanji nayo inali itaduka. Mu 1986, nkhondo ya ku Mozambique ili m'kati, asilikali a Renamo anaphulitsa mbali ya mlatho wa Dona Ana, ndipo njira ya ku Beira imene inanyamula mibadwo ya apaulendo inatsekekeratu.

Amuna ambiri a nthawi ya Wenela ndi Theba anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda amene amaonekera patapita zaka, nthawi zambiri pamodzi ndi chifuwa chachikulu. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani a golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa odwala matendawa ndi kwa mabanja a amene anamwalira, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Kuti munthu alandire, ayenera kuonetsa umboni woti anagwiradi pamgodi wakutiwakuti, zaka zakutizakuti. Kwa nkhalamba ya ku Ntchisi kapena mayi wamasiye wa ku Nkhata Bay, umboniwo ndi kakhadi ka nambala ya pamgodi kapena pepala la kontirakiti la zaka makumi asanu zapitazo, ngati chiswe chinalisiya.

Ulendo wa ku Joni sunathe. Masiku ano anyamata ndi atsikana amakwera basi, kudutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukaima pamzere wautali ku Beitbridge asanakatsike mu Johannesburg patatha masiku awiri. Tikiti amalipira okha, ntchito amakaisaka okha, ndipo pasipoti imadindidwa masiku 30.